Thumba la simenti lidikire, chilolezo chiyambe

Mvula ikangosiya, m'mashopu ogulitsa zipangizo zomangira mumakhala piringupiringu. Ku Malangalanga mu Lilongwe, ku Limbe, ngakhale pa Mponela ndi pa Jenda, matumba a simenti amatuluka pa njinga za kabaza, pa wilibala, ena pamutu. Ambiri mwa ogulawo si makampani. Ndi mayi yemwe wakhala zaka zambiri akugulitsa tomato ndi anyezi pa benchi, ndipo tsopano akufuna kagolosale ka njerwa. Ndi mnyamata wa Airtel Money yemwe watopa ndi ambulera, wapeza kontena. Ndi bambo yemwe wagulitsa soya ndipo akufuna kuika chigayo kuseri kwa nyumba yake. Onsewa amadziwa mtengo wa Akshar ndi Dangote wa lero ndi wa sabata yatha. Amadziwa kusiyana kwa malata a 28 geji ndi a 32 geji. Koma akafunsidwa ngati mapulani awo adafika ku khonsolo, ambiri amaseka, amati zimenezo n'za anthu omanga nyumba zosanja.

Apa ndi pomwe mpamba wa anthu ambiri umathera. Tomato akawola, wogulitsa amalira tsiku limodzi, mawa amakaoda wina. Koma shopu ikagwetsedwa, chotola ndi malata opindika ndi mafelemu othyoka, pomwe ngongole ya ku banki m'khonde ikadali chilili ndipo anzake a pagulu akudikira tsiku lobweza. N'chifukwa chake chilolezo chomangira chiyenera kuwerengedwa ngati gawo la mpamba, chimodzimodzi simenti, mchenga ndi malipiro a mmisiri. Ndipo pa zonsezi, chilolezo ndi chomwe chiyenera kuyamba.

Lamulo lomwe likugwira ntchito pa nkhaniyi ndi Physical Planning Act la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Kusintha kwakukulu komwe lamuloli lidabweretsa n'kwakuti dziko lonse la Malawi tsopano ndi malo ofunika kutsata mapulani. Kale nkhani ya chilolezo inkakhudza mizinda ndi madera ena osankhidwa. Lero wogulitsa pa Nkhamenya kapena pa Thondwe sanganene kuti zimenezo n'za a ku Blantyre. N'zoona kuti makhonsolo ambiri a m'maboma alibe anthu okwanira oyendera zomangamanga, ndipo shopu ikhoza kukhala zaka popanda wofunsa. Koma kusafunsidwa si chilolezo. Tsiku lomwe msewu udzakulitsidwe kapena msika udzamangidwenso, pepala lomwe lidzafunsidwe ndi lomwelo.

Chinanso chomwe anthu ambiri sachidziwa n'chakuti lamulo silinena za nyumba yatsopano yokha. Kuwonjezera chipinda kutsogolo kwa nyumba kuti chikhale okala kumafuna chilolezo. Kusandutsa nyumba yogonamo kukhala malo odyera, bala kapena sukulu ya mkaka kumafunanso chilolezo, ngakhale mwini wake asaonjezere njerwa ndi imodzi yomwe, chifukwa ntchito ya malowo yasintha. Kudula puloti pakati n'kugulitsa mbali ina, kapena kuimika chikwangwani chachikulu chotsatsira malonda m'mbali mwa msewu, nazonso zili m'gulu lomweli. Pali tintchito tina ting'onoting'ono, monga kukonza zowonongeka m'kati mwa nyumba, tomwe sitifuna kupempha. Koma wonena kuti ntchito iyi ndi yaing'ono ndi khonsolo, osati mmisiri yemwe akufuna ayambe Lolemba kuti alandire ya sopo.

Chisokonezo chachikulu pakati pa amalonda chili pa mapepala. Wina amatulutsa mulu wa matikiti a msika a zaka zitatu, n'kumati khonsolo imamudziwa. Wina amaonetsa laisensi ya bizinesi yopachikidwa pakhoma. Wina ali ndi satifiketi yolembetsera dzina la bizinesi kwa Registrar General. Onsewa ndi mapepala abwino, koma palibe ndi limodzi lomwe limene limapatsa munthu ufulu womanga. Tikiti ndi ya malo ogulitsirapo tsiku limenelo. Laisensi ndi yochitira malonda chaka chimenecho. Chilolezo chomangira chimachokera ku komiti yoona za mapulani, ndipo ofesi yake ndi ina, anthu ake ndi ena, ngakhale onse ali pansi pa denga limodzi la khonsolo. Wotolera ndalama za msika akhoza kulandira tikiti m'mawa pa kontena yomwe anzake a ku mapulani adzailembe chizindikiro chofiira masana.

Kukonzekera kwenikweni kumayambira pa malo, ndipo apa m'pomwe pempho la amalonda ang'onoang'ono ambiri limafera lisanafike n'komwe pa tebulo la komiti. Funso loyamba la khonsolo si lakuti shopuyo idzakhala yokongola bwanji. Funso ndi lakuti malowo ndi a yani, ndipo umboni wake uli kuti.

M'mizinda eni malo ndi angapo. Pali unduna wa za malo, pali Malawi Housing Corporation, pali khonsolo yeniyeniyo yomwe imayang'anira mapuloti ambiri a m'makomboni okonzedwa, ndiponso makampani ndi anthu ena omwe ali ndi malo awoawo. Aliyense ali ndi kaundula wake. Munthu wogula puloti kwa mnzake amalandira kalata yogulitsirana, yosainidwa ndi mboni ziwiri, mwina ndi chidindo cha mfumu ya m'deralo, ndipo amapita kunyumba mtima uli m'malo. Koma m'kaundula wa mwini malo wamkulu dzina likadali la wogulitsa uja, kapena la bambo ake omwe adamwalira kalekale. Khonsolo imayang'ana dzina la m'kaundula. Ngati dzinalo silikugwirizana ndi la pa chitupa cha unzika cha wopemphayo, fayilo imaima.

Kusintha umwini kumatenga nthawi, ndipo nthawi zambiri kumavumbula ngongole zobisika: ndalama za lendi ya nthaka zomwe sizidalipidwe kwa zaka, ndi msonkho wa khonsolo wa malo ndi nyumba. Ngongole zotere zimatsata malo, ndipo zimapeza yemwe wakhalapo lero. Wogula wochenjera amapita ndi wogulitsa ku ofesi asanapereke ndalama yomaliza, amafunsa zotsalira zonse, n'kuzichotsera pa mtengo. Ndi nzeru yomweyo ya pamsika: palibe amene amagula thumba la nyemba osalowetsamo dzanja mpaka pansi. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo, yemwe amanenerera K200 pa mulu wa usipa mpaka thukuta, amapereka mamiliyoni pa puloti ataona kalata yolembedwa pamanja.

Za mafumu a m'tauni ziyenera kunenedwa mosapsatira. Amathandiza pa maliro, pa milandu ya m'makomo, pa umboni woti munthu amakhaladi m'deralo. Koma pa malo a boma kapena a khonsolo m'kati mwa mzinda, chidindo chawo sichipereka umwini. Kumidzi ndi m'misika ya m'maboma nkhani ndi yosiyanako, chifukwa malo ambiri ndi a makolo. Kumeneko lamulo la Customary Land Act la 2016 lidakhazikitsa makomiti oona za malo m'midzi komanso njira yolembetsera malo a makolo m'dzina la munthu, ngakhale ntchitoyi ikuyenda pang'onopang'ono. Wofuna kumanga shopu pamalo otere ayambe wafika kwa mkulu woona za malo ku khonsolo ya boma lake, amve pepala lomwe akulandira kumeneko.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamadanitsa anthu oyandikana: mabikoni. Mpanda wa udzu kapena mzere wa mitengo si malire. Malire ndi timiyala ta simenti tomwe asaveya adakwirira m'makona a puloti, ndipo nthawi zambiri timakhala titakwiririka kapena titazulidwa. Kuitana saveya wovomerezeka kuti aonetse malire kumadya ndalama, koma khoma lolowa theka la mita m'puloti ya mnzako limagwetsedwa lonse, osati theka la mitalo.

Malo akatsimikizika, ulendo wotsatira ndi wa ku ofesi ya mapulani, ndipo ulendo umenewu uchitike wojambula mapulani asanalipidwe. Ku Blantyre ofesizi zili ku Civic Centre ku Chichiri. M'maboma zili pa khonsolo, pansi pa mkulu woona za mapulani ndi chitukuko. Funso lake ndi losavuta: pamalo pano, mapu a khonsolo amalola chiyani? Mzinda uliwonse udagawidwa, kwina kokhala anthu, kwina kwa malonda, kwina kwa mafakitale, kwina kosiyira sukulu, msika, manda kapena bwalo lamasewero. Golosale yaing'ono pakati pa nyumba zogona ikhoza kuganiziridwa. Chigayo, malo owotcherera zitsulo kapena bala ya nyimbo zaphokoso pamalo omwewo ndi nkhani ina, ndipo oyandikana nawo ali ndi ufulu wodandaula. Safunsa adadya phula. Ambiri amajambulitsa pulani yokongola ya shopu zinayi, kenako n'kumva kuti malowo adasungidwira msewu.

Kwa yemwe akukayika, pali njira yopempha khonsolo kuti ivomereze ganizo lokha kaye, mapulani atsatanetsatane asanajambulidwe. Yankho likakhala loti ayi, munthu wataya zochepa. Njirayi ndi yothandiza kwambiri kwa wofuna kusintha ntchito ya nyumba, kapena yemwe sadamalize kulipira malo.

Malo ena ndi osafunika n'kutayira nthawi. Pa misewu ikuluikulu ngati M1, malo a msewu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Wamalonda amakonda m'mphepete mwa tala chifukwa kasitomala ali pomwepo, ndipo palibe angamunene kuti ndi wopusa. Koma a Roads Authority akhala akuchenjeza mobwerezabwereza kuti womanga m'malo a msewu asayembekezere chipukuta misozi, ndipo amene adaona ntchito yokulitsa misewu mu Lilongwe m'zaka zapitazi adaona momwe katapila amadutsira. Pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, pamwamba pa mapaipi a madzi ndi a zonyansa, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri, chilolezo sichiyenera kutuluka. Pa za mapiri ndi mitsinje, namondwe wa Freddy mu March 2023 adasiya phunziro lowawa ku Chilobwe ndi ku Manja m'munsi mwa phiri la Soche, komwe matope ndi miyala zidakokolola nyumba, maokala ndi miyoyo ya anthu. Puloti yotchipa modabwitsa pamalo otere ili ndi chifukwa chake.

Tsono mapulani. Chomwe khonsolo imafuna si chithunzi cha shopu chokha. Imafuna mapu oonetsa komwe puloti ili, pulani yoonetsa pomwe nyumbayo ikhale m'kati mwa pulotiyo ndi mipata yotsala kumalire, kagawidwe ka zipinda ndi miyezo yake, maonekedwe a kutsogolo ndi m'mbali, maziko, denga, ndi komwe madzi a mvula ndi a kuchimbudzi adzapite. Nyumba ikakhala yosanja, pamafunikanso mapepala a injiniya otsimikizira kuti zipilala ndi silabu zidzapirira. Amafuna makope angapo chifukwa fayilo imazungulira m'maofesi ambiri, ndipo chiwerengero chake n'chofunsa pa kauntala asanapite kosindikiza.

Wojambula akhale yemwe khonsolo imavomereza ntchito yake. M'tauni muli anyamata ambiri odziwa kompyuta omwe amajambula nyumba yokongola pa mtengo wotsika, ena amangotenga pulani ya munthu wina n'kusintha dzina. Pulani yotere imabwezedwa chifukwa siyigwirizana ndi kukula kwa puloti, kapena ilibe siginecha ya katswiri wolembetsedwa. Kufunsa ku ofesi ya mapulani kuti nyumba ya msinkhu uwu imafuna wojambula wa mtundu wanji n'kwaulere. Ndipo pogwirizana mtengo ndi wojambulayo, ndi bwino kusunga gawo la malipiro mpaka pulani itadutsa, komanso kumvana kuti zokonza zomwe komiti ingalamule zili m'kati mwa mtengo womwewo. Wojambula yemwe sadafikepo pamalopo ndi tepi m'manja asapatsidwe ntchito.

Pomwe amalonda amakangana kwambiri ndi ojambula ndi pa mipata. Kwa wogulitsa, mita iliyonse yosamangidwa ndi ndalama yotayika: pamenepo pakadakhala shelefu, pakadakhala kachipinda kochititsa lendi. Ndiye amafuna khoma lifike pamalire penipeni, khonde lilowe mumsewu, chimbudzi chichotsedwe poti pali cha msika chapafupi. Komatu fayilo ija imadutsa m'manja mwa a zaumoyo, ozimitsa moto, a misewu, a madzi ndi a magetsi, ndipo aliyense amayang'ana chake. A zaumoyo akaona malo odyera kapena butchala yopanda madzi, chimbudzi ndi potayira zinyalala, sasaina. Ozimitsa moto amafuna njira yothawira ndi mpata woti galimoto yawo ifike. Misika ya m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu yapsapo kangapo, ndipo aliyense yemwe adataya katundu pa moto wotere amadziwa momwe malawi amadumphira m'mashedi othithikana opanda podutsa. Mpata womwe ukuoneka ngati wotayika ndi womwe umapulumutsa shopu yachitatu pomwe yoyamba yayaka. Wogulitsa katundu wolemera, monga simenti, feteleza kapena zakumwa za m'makireti, aganizirenso pomwe lole idzaime potsitsa katundu, chifukwa komiti idzafunsa.

Pa zipangizo, pali lamulo la 2018 lochokera ku bungwe la NCIC lomwe panthawiyo linkayang'anira ntchito zomangamanga, loletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Ambiri akumangabe ndi njerwa zowotcha, n'zoona, koma womanga shopu afunse ku khonsolo asanaumbitse uvuni wonse, kuopa kudzauzidwa kuti pamafunika mabuloko a simenti njerwa zili kale pamalo.

Pempho limaperekedwa pa fomu ya khonsolo pamodzi ndi ndalama yowunikira mapulani, yomwe kawirikawiri imawerengedwa potengera kukula ndi mtundu wa nyumbayo. Mitengo imasiyana khonsolo ndi khonsolo ndipo imasintha, kotero mtengo womwe mnzake adalipira zaka zitatu zapitazo si wodalira. Ndalamayi ilipidwe kwa kashiya wa khonsolo kapena ku akaunti ya khonsolo ku banki, ndipo lisiti lake lisungidwe ngati ndalama. Lijambulidwe pafoni, kope lina likhale kunyumba. Nambala ya fayilo ilembedwe m'kope lomwe lija la ngongole za makasitomala, pamodzi ndi tsiku lopereka ndi dzina la ofesi yomwe yalandira.

Panja pa maofesi ambiri a boma pamakhala madobadoba, ndipo ku mapulani sikusowa. Malonda awo ndi amodzi: kugulitsa changu. Amati akudziwana ndi akuluakulu, chidindo chituluka Lachisanu. Nthawi zina chimatulukadi, koma chidindo chomwe sichidalembedwe m'mabuku a komiti ndi inki chabe. Tsiku lomwe khonsolo idzabwere ndi kalata yoimitsa ntchito, dobadoba foni yake idzakhala yozima, ndipo wamalonda sangakadandaule kulikonse, chifukwa kupereka chiphuphu ndi mlandu chimodzimodzi kulandira. Wogwira ntchito ku khonsolo akapempha kangachepe kuti fayilo iyende, malo okanena ndi kwa mkulu wa khonsoloyo kapena ku Anti-Corruption Bureau. N'zosavuta kulemba kuposa kuchita, makamaka kwa munthu yemwe fayilo yake ili m'manja mwa wopemphayo. Apa m'pomwe makomiti a m'misika ndi mabungwe a mavenda angathandize: dandaulo la anthu khumi silikwiririka msanga ngati la munthu mmodzi.

Kunena zonsezi sikutanthauza kuti makhonsolo ndi oyera. Amalonda ambiri omwe amamanga popanda chilolezo si anthu osamvera malamulo. Ndi anthu omwe adayesapo, kapena adaona mnzawo akuyesa, n'kutopa. Kupita ku ofesi katatu, kanayi, n'kumauzidwa kuti bwana ali ku msonkhano, kwa munthu wa malipiro a pamwezi ndi chinthu chokwiyitsa chabe. Kwa wogulitsa mandasi ndi tsiku lathunthu lopanda malonda, kuphatikiza ya minibasi. Mndandanda wa zofunika ndi mitengo yake zikadapachikidwa pakhomo la ofesi ndi pa zipata za misika, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, theka la maulendowa likadatha, ndipo madobadoba akadasowa chogulitsa. Masiku omwe komiti imakumana akadalengezedwa, munthu akadadziwa nthawi yoperekera fayilo.

Palinso chinthu chomwe makhonsolo angachite mosawononga ndalama zambiri: kujambuliratu mapulani angapo a okala, shedi ndi shopu ya chipinda chimodzi, ovomerezeka kale, oti wamalonda azingogula pa mtengo wochepa n'kuonetsa pomwe aikepo. Si chilungamo kuti womanga kachipinda ka mamita atatu adutse njira yofanana ndi womanga hotela. Ndipo n'kovuta kuuza venda kuti alemekeze mapu a mzinda pomwe akuona nyumba zikuluzikulu zikumera m'madambo ndi m'malo osungidwa popanda wozigwedeza. Chiyambire Operation Dongosolo mu 2006, pomwe boma la Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu, nkhani yakhala yomweyo: kuthamangitsa kumabwera msanga, malo okonzedwa bwino ochitira malonda amabwera mochedwa. Andale nawo, chisankho chikayandikira, amalonjeza anthu kuti palibe adzawachotse, koma lonjezo la pamsonkhano silikhala m'fayilo.

Koma mkwiyo wolungama suteteza khoma. Khonsolo ikhoza kukhala yolakwa pa zinthu khumi, koma pa tsiku logwetsa, lamulo limakhala mbali yake, ndipo wotaya ndi wamalonda.

Chifukwa champhamvu chomwe anthu amapereka pothamangira kumanga ndi mitengo, ndipo chifukwachi n'chomveka. Aliyense akukumbuka November 2023, pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya zipangizo idasintha m'masiku ochepa. Ndalama yosungidwa m'thumba podikira komiti imasungunuka ngati mchere m'madzi. Yankho lake si kukumba maziko usiku. Ndi kusankha chogula. Malata, zitsulo, mafelemu a zitseko ndi mawindo, misomali ndi mawaya zimasungika, ndipo pempho likakanidwa zimagulitsika, mwinanso pa mtengo wokwera. Simenti ndi yosiyana: ikakhala miyezi yambiri, makamaka pachinyezi, imachita mibulu n'kutha mphamvu. Ndipo simenti yomwe yalowa kale m'khoma sigulitsikanso. Choncho wamalonda akhoza kuteteza ndalama yake ku kukwera kwa mitengo popanda kuika njerwa ndi imodzi pansi.

Nthawi nayo ndi yosankha. Ambiri amaganiza za mapepala mu June, ndalama za zokolola zitalowa, mmisiri ali pakhomo, ndipo sabata iliyonse yodikira imawawa. Miyezi ya mvula, January ndi February, pomwe malonda amakhala ozizira ndipo kumanga n'kovuta, ndi nthawi yabwino yoyendera za umwini wa malo, asaveya ndi mapulani. Vuto lake n'lakuti ndi miyezi yomwenso ndalama imasowa. Apa gawo lomwe anthu amalandira pogawana ku banki m'khonde mu December lingagwire ntchito yabwino kuposa kuthera pa Khrisimasi.

Chilolezo chikatuluka, chiwerengedwe chonse, osati chidindo chokha. Nthawi zambiri chimabwera ndi mfundo zoyenera kutsata, ndipo chili ndi nthawi yake. Womanga akachedwa kuyamba, chimatha mphamvu ndipo pamafunika kupemphanso. Oyendera a khonsolo amayenera kuitanidwa pa magawo ena a ntchito, kuyambira pa maziko, ndipo pomaliza pamakhala satifiketi yolola kuti nyumbayo iyambe kugwiritsidwa ntchito. Kope la pulani yodindidwa lizikhala pamalo omangira. Chiyeso chachikulu chimabwera apa: mmisiri amanong'oneza kuti njerwa zatsala, tionjezere kachipinda kumbaliku, palibe adzaone. Chomwe chamangidwa kunja kwa pulani yovomerezeka chilibe chilolezo, ngakhale mbali ina yonse ili nacho. Mapepala amenewa amadzagwiranso ntchito patsogolo, pomwe wamalonda akufuna ngongole ya ku banki ndi nyumbayo ngati chikole, kapena inshulansi, kapena kugulitsa shopuyo pa mtengo wake weniweni.

Pempho likakanidwa, zifukwa zake zifunsidwe polemba. Zambiri zimakhala zokonzeka: kusuntha khoma, kuwonjezera chimbudzi, kubweretsa pepala lomwe lidasowa. Lamulo limaperekanso mwayi wochita apilo, ndipo nthawi yake imakhala yochepa, kotero kalata yokana si yoika pansi pa matiresi.

Pali gulu lina lomwe nkhaniyi imalipweteka mwakachetechete: omanga pamalo a eni. Wamalonda amagwirizana ndi landilodi kuti amange shopu kutsogolo kwa mpanda, ndalama zomangira zizichotsedwa pa lendi. Kapena amapatsidwa malo m'kati mwa msika wa khonsolo n'kumangapo ndi ndalama zake. Pa puloti ya landilodi, pempho la chilolezo limafuna dzina kapena kalata yovomereza ya mwini malo, ndipo nyumba yomangidwayo imakhala pa nthaka yake. Shopu ikayamba kuyenda bwino, si zachilendo kumva kuti mwana wa landilodi naye akufuna kuyamba geni pomwepo. Mgwirizano ulembedwe simenti isanagulidwe: ndalama zomangira ndi zingati, zidzachotsedwa kwa miyezi ingati, ndipo chidzachitike n'chiyani mwini malo akafuna malo ake nthawi isanakwane, kapena akamwalira, kapena akagulitsa puloti. Mumsika, malo ndi a khonsolo, ndipo kalata yopatsidwa malo ichokere ku ofesi ya khonsolo, osati kwa tcheyamani wa msika yekha. Kalatayo inene mtundu wa chomwe chikuloledwa kumangidwa, ngati munthu angachigulitse kapena kusiyira ana ake, ndi komwe adzapite msikawo ukamadzamangidwanso.